Achemwali, za chakudya cha alamu ku Joni

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona kuti mumaimba, koma foni timasiya m'kabati tikamalowa m'khitchini. Panopa ndatulukira kuseri kuno, mukamva phokoso ndi galimoto yotsitsa masamba. Mumvetsere mpaka kumapeto, kenako muwapatse alamu amve okha ndi makutu awo.

Za ulendo wapita uja ndazimva zonse. Osati kwa alamu ayi, iwo anangoti tayenda bwino, basi. Wandiuza ndi mnyamata wa kwa Domwe uja anakhala nawo mpando umodzi m'basi. Akuti chitsikireni pa Park Station mpaka kubwerera, munthu wamkulu ankangodya buledi ndi Fanta. Buledi ndi Fanta, achemwali! Ndiye pa Beitbridge, pamzere wa mapasipoti padzuwa paja, chizungulire n'kuwagwira, mpaka kuwakhazika pachikwama cha eni ake n'kumawakupiza ndi katoni. Tsiku limene anati adyeko chotentha anapita pa kontena ina, n'kunena kuti nyama musaike. Mayi wogulitsayo anangovuula nthulizo, msuzi n'kuthira womwewo. Atazindikira akuti tulo sanatione, mtima ukuwatsutsa usiku wonse. Nanga kundiimbira kunavuta chiyani? Rosettenville ndi takisi imodzi kuchokera m'tauni.

Ine zoti anasiya nyama ndi nsomba sindikutsutsa. Ndi chikhulupiriro chawo monga a Sabata, ndipo chiyambireni zimenezi BP ija inatsika, tonse tinaona. Chimene chikundiwawa n'choti munthu afe ndi njala mumzinda umene chakudya chopanda nyama chili mbwee. Vuto la alamu ndi manyazi. Safuna kufunsa, amaopa kuoneka ovuta. Tsono poti ulendo uno mukubwera nawo, wofunsa mukhale inuyo, pakamwa panu ndimapadziwa.

Choyamba mudziwe ichi. Kuno mukangoti sindidya nyama, anthu ambiri amamva kuti simudya ng'ombe. Nkhuku akupatsani, nsomba akupatsani, polony ndiye sayiwerengera n'komwe. Muzitchula chimodzichimodzi: no meat, no chicken, no fish, no polony. Mukatero mufunsenso za msuzi, chifukwa nyama imabisala mmenemo. Ine ndimagwira m'khitchini, ndimaona ndi maso anga. Poto wa msuzi amayamba m'mawa ndi mafupa, ndipo msuzi womwewo ndi umene amatapa kuthira mu mpunga, mu kabichi, mu supu amene pa menyu alemba kuti wa masamba. Kumalo ang'onoang'ono ndiye caldo, wokometsera msuzi yemwe uja timathira kwathu ku Mozambique, amangowaza paliponse. Ena mwa macaldo amenewa ndi fungo chabe, ena muli mafuta a nyama, ndiye wophika akati ndathira, ingosiyani. Tchipisi nazonso muziyang'ana chiwaya. Ngati m'mafutamo mukusambira masoseji aja amati russian, mwadziwa kale.

Kota asagule. Ndi buledi wobooledwa pakati, amathiramo tchipisi, atchar, polony, russian, tchizi. Mutha kuuza wogulitsa kuti aike tchipisi ndi atchar zokha, koma ndi buledi yemweyo anawagwetsa uja. Bola nsima yawo ija amati papa, ndi chakalaka. Chakalaka ndi karoti, anyezi, tsabola wobiriwira, tomato ndi nyemba zam'chitini, nthawi zambiri simukhala nyama. Akakhala ndi morogo, amenewo ndi masamba, kawirikawiri bonongwe yemweyu kapena sipinachi, mutenge. Palinso chimanga chokonola chophika pamodzi ndi nyemba, chimakhutitsa bwino, koma chimenecho mufunse kaye, ambiri amaponyamo fupa kuti chikome.

Eya, ndisanaiwale, malata aja anafika? Ndalama ndinatumiza pa Mukuru kalekale, koma chithunzi cha denga sindinachione. Ndamva kuti amalume akuti ayambe adikira mbatata ya kachewere igulidwe kuti awonjezere mitengo. Mbatata yake iti, imene anagulitsa kale kwa anthu a ku Tete isanakumbidwe? Muwauze kuti mvula sidikira munthu. Komanso mwana wa a Nachisale uja akuti wabwerako kubanja, zoona? Mundiuze bwinobwino mukafika, pafoni pano ayi.

Tsono kumene ndikufuna mupite ndi kuwiri, ndipo konseko ndi kufupi ndi kumene alamu amaoda katundu.

Koyamba ku Fordsburg, kwa Amwenye. Alamu amakudziwa, ndi kumene kuli Oriental Plaza, kumene anakugulirani makatani aja. Anadutsa pakati pa chakudya chawo ali ndi njala osadziwa! Koma muchenjere, malo ambiri kumeneko ndi a Asilamu, pakhomo alemba halaal. Alamu asaone chikwangwanicho n'kuganiza kuti mulibe nyama, nyama ilimo yambiri, kungoti nkhumba mulibe. Komabe ngakhale mmenemo mupeza mbali ya menyu ya zamasamba zokhazokha. Muitanitse dhal, ndi mphodza zophika mpaka kuphwanyika, kapena chana, kapena kale wa mbatata ndi kolifulawa, mudyere roti kapena mpunga. Samusa musankhe wa mbatata, osati wa mince. Mukapeza malo a Ahindu olembedwa pure veg, pamenepo khalani pansi mtima uli m'malo, chilichonse angadye, nyama silowa n'komwe m'khitchini mwawo. Tsabola yekha muwauze achepetse, mimba ya alamu ndi ija. Lachisanu masana masitolo ambiri amatseka anthu apite kumzikiti, ndiye musakafike nthawi ya 1 koloko n'kumadabwa.

Apa mundiyankhe, chifukwa ndikusokonezeka: mkaka ndi mazira alamu amadya kapena anasiyanso? Mayi anandiuza kuti anakana chigumu poti munali dzira, koma inu munati mkaka amamwa. Ngati anasiya zonse, kwa Amwenye mukane paneer, ndi tchizi imeneyo, ndipo mufunse ngati aphikira ghee, mafuta ochokera ku batala. Naan nayenso amapaka batala pamwamba. M'malesitilanti akuluakulu muziyang'ana pamene alemba vegan, pamenepo mulibe mkaka, mulibe dzira. Pamene alemba vegetarian tchizi ndi mazira zimakhalamo.

Kwachiwiri ndi kwa anthu a ku Ethiopia, m'tauni mwenimweni, msewu umene tonse timati Jeppe ngakhale anausintha dzina kukhala Rahima Moosa. Uku ndiye ndimakukonda. Malo odyera ake saonekera kumsewu, ali m'mwamba mwa nyumba zosanja zija amagulitsa mabulangete ndi nsapato. Mumakwera masitepe, mukangomva fungo la khofi ndi lubani mwafika. Akhristu a mpingo wawo wa Orthodox amasala nyama, mkaka ndi mazira pafupifupi Lachitatu ndi Lachisanu lililonse, komanso masiku 55 Pasaka asanafike, ndiye kuphika kopanda nyama anakuzolowera kuyambira makolo awo. Simufunika kufotokoza zambiri, mungoti fasting food, kapena beyaynetu, amva. Amabweretsa thireyi yaikulu atayalapo injera, chikate chopyapyala chofewa cha ufa wa teff, chotuwa, chamabowomabowo ngati chifu cha mbuzi. Muwachenjeze alamu asathawe, si nyama! Pamwamba pake amaika timilu timilu: mphodza zofiira za tsabola, zachikasu zosawawa, shiro wa ufa wa nsawawa zawo, masamba obiriwira, kabichi ndi karoti, bitiruti. Supuni palibe, mumang'amba injera n'kutapira ndi dzanja, nonse thireyi imodzi. Imawawasa pang'ono, poyamba mukwinya nkhope, koma pofika pakati mudzakhala mukulimbirana. Thireyi imodzi ikukwanirani awiri, mtengo wake sufika n'komwe wa nkhuku ndi tchipisi za m'malo otchuka aja. Khofi akakupatsani alamu angokana mwaulemu, sakwiya.

Koma ku Jeppe mupite masana, ndipo foni ikhale m'kati mwa zovala, osati m'manja. Achemwali, ndikunena inu. Musaime pakhomo la nyumba n'kumajambula kuti muonetse amayi a kwaya. Ndalama za katundu muzigawe, zina inu zina alamu, zodyera zikhale padera m'thumba lakutsogolo kuti musamatulutse mpukutu wonse pogula mbale imodzi.

Kuno ku Rosettenville mudzamasuka chifukwa Chipwitikizi chimamveka, a ku Maputo ndi a ku Beira ali ambiri, pau weniweni, buledi wathu uja, amapezeka m'mapadaria, mophikira buledi. Koma kumasukako n'kumene kungakupusitseni. Feijoada muli nkhumba, zimenezo mukudziwa. Caldo verde, supu wa masamba uja, amaponyamo chouriço, soseji ya nkhumba. Matapa a anthu akumwera si chigwada chathu chotendera ayi, amathira nkhanu kapena camarão, tinkhanu ta m'nyanja tija, nthawi zina wouma wosinja woti simungamuone ndi maso, ndipo zimenezo kwa a Sabata ndiye zoletsedwa kawiri. Chimodzimodzi ku Yeoville, kwa anthu a ku Congo: pondu wawo ndi chigwada ndithu, koma ambiri amaphikira nsomba yowamba. Ku Yeoville komweko kuli ma Rasta ophika ital, alibe nyama, koma alamu ndi madiredi ndi utsi uja sindikuona akukhala pansi.

Mwina mukuti nanga bwanji osangodzadya kuntchito kwanga. Hee, achemwali, mbale imodzi ya saladi kuno ndi ndalama ya shapa, minibasi yakwathu ija, kuchoka ku Ulongwe wa ku Angónia kukafika ku Tete, mwinanso n'kubwerera. Azungu amalipira ndalama zimenezo kudya masamba amene ife timapalira m'munda n'kutaya. Paja ndinakuuzani kuti anandichotsa kotsuka mbale? Panopa mbali ya zamasamba ndi yanga. Tsiku lina ndinaphikira anzanga nkhwani wotendera, wa nsinjiro zimene munanditumizira zija, bwana wa khitchini analawa n'kubwereranso ndi mbale. Akuti tiganize zouika pa menyu. Nkhwani wa ku Angónia, kudyedwa ndi foloko! Koma mukadzati mwalowa malo okhala pansi otumikiridwa, kumbukirani kuti amasiyira wotumikira 10 peresenti pamwamba pa bilu. Musadzachite ngati simunamve, ndi malipiro awo amenewo.

Za Sabata. Mukubwera mu June, dzuwa kuno limalowa isanakwane 6 koloko, ndiye Lachisanu zogula zonse zithe masana. Mulowe mu Shoprite kapena Pick n Pay mugule nyemba zam'chitini, chiponde, mapeyala, nthochi, buledi wabulauni. Mufiriji muli za Fry's, masoseji ndi mabega opangidwa ndi soya, mulibe nyama ngakhale pang'ono, kungoti mtengo wake ndi wokwererapo. Tiyi mugule rooibos, alibe caffeine, a mpingo wawo kuno amamwa ameneyo. Loweruka ndikhala ndaphikiratu nyemba ndi mfutso, kiyi ndisiya kwa mayi woyandikana nane. Ndipo mutenge majuzi enieni. Kuzizira kwa kuno n'kwa ku Tsangano, kolowa m'mafupa, ndipo nyumba yanga ilibe siling'i. M'mawa ndikamadikira takisi mpweya ukutuluka utsi m'kamwa ndimangokumbuka mayi akutiotchera mbatata paphulusa tisanapite kusukulu. Ee, basi, tisayambe zimenezo, ndingalire pantchito.

Panjira ndiye pamene ndikuda napo nkhawa kwambiri, chifukwa ndi pamene anagwera. Kuchoka ku Tete, Cuchamano, Nyamapanda, Harare, Masvingo mpaka Beitbridge, kumene basi imaima ndi nkhuku ndi tchipisi basi. Mukazingiretu mtedza wambiri, muphike mbatata ndi chinangwa, mutenge botolo la chiponde ndi madzi okwanira. M'Zimbabwe mukapeza amayi ogulitsa sadza mufunse muriwo une dovi, ndi ndiwo zotendera zomwezi. Zipatso ndi zaziwisi mumalize musanafike pa Beitbridge, mbali ya South Africa amatha kulanda zakumunda. Nyemba zouma za kholophethe ndikuzifuna, koma musanyamule thumba lonse, mungalire nazo pachipata. Pang'ono chabe, pansi pa zovala. Nsinjiro ndiye musaiwale, ndi mfutso wa khwanya ngati mayi akadali nawo.

Ndipo alamu adye m'mawa asanayambe kuzungulira m'masitolo. Amati akayamba kuwerengera katundu amaiwala kuti ali ndi mimba, kenako 4 koloko akunjenjemera, n'kugula chimene chili pafupi. Muziwaimitsa inuyo 12 koloko ikakwana, katundu sathawa.

Akundiitana m'katimu, maoda ayamba kulowa. Nambala yanga muilembe papepala muike m'chikwama, layini yanu ya Movitel ikangodutsa Cuchamano musaidalire. Mukafika ku Musina mubwereke foni kwa kondakitala mundiimbire, ndidziwe nthawi yoti mnyamata wa takisi akakudikireni. Za mazira ndi mkaka zija mundiyankhe lero lomwe, ndikufuna ndikagule zinthu mawa ndikaweruka. Mupereke moni kwa mayi, muwauze mankhwala a miyendo aja ndagula, mudzawatengera pobwerera.