Maso Ngati Mwalowa Mchenga, Mkamwa Mouma: Kodi Magazi Amanena Chiyani?

(Chithunzi: Kasungu boma masana, fumbi likuuluka m'mbali mwa msewu wa M1)

Muli bwanji nonse amene mukutionera? Mwezi wa Okutobala kuno ku Kasungu aliyense milomo imang'aluka, maso nkumayabwa ndi fumbi. Mvula ikangogwa, zimatha. Koma pali mayi wina amene kwa iye sizitha.

Nsima sangaimeze popanda kapu ya madzi pambali. Chimanga chokazinga anachisiya kalekale. Pamaliro a mchimwene wake amalira mawu okha, misozi osatuluka, ndiye anthu kumbali ayamba kunong'onezana. Kumeneko ndi kumulakwira munthu.

Matendawa amatchedwa Sjögren, dzina la Henrik Sjögren, dokotala wa maso wa ku Sweden amene mu 1933 analemba za amayi 19 a vuto lomweli. Mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 ndi amayi, ambiri opitirira zaka 40. Asilikali a m'thupi amasokonekera nkuyamba kuthira nkhondo tiziwalo topanga misozi ndi malovu. Malovu akachepa, mano amabowoka motsatizana. Ena masaya amatupa pansi pa makutu ngati matsagwidi, mfundo zimaphwanya, thupi nkumangokhala lotopa.

(Chithunzi: kabotolo ka magazi ku labotale)

Zida zimene asilikali osokonekerawa amapanga zimatsala m'magazi. Ndiwo ma antibodi. Otchuka ndi awiri, anti-Ro yemwe amalembedwanso SSA, ndi anti-La kapena SSB. Papepala lanu mungaonenso ANA ndi rheumatoid factor, koma awa amapezeka m'matenda ambiri, nyamakazi ndi ena otero, ndiye paokha sanena zambiri.

Wofunika kwambiri ndi anti-Ro. Pa ndondomeko ya 2016 ya mabungwe a madokotala a nyamakazi a ku America ndi ku Ulaya, ACR ndi EULAR, pamafunika mapointi 4 kuti munthu awerengedwe kuti ali ndi Sjögren, ndipo anti-Ro yekha amapatsa 3. Anti-La ali yekha sawerengedwa nkomwe. Pointi yotsalayo imachokera pa thupi lenilenilo. Mwachitsanzo, dokotala amakoleka kapepala kakang'ono pachikope cham'munsi, inu nkutsinzina mphindi 5. Kakanyowa mamilimita 5 okha kapena osakwana, ndiye kuti misozi yachepadi. Kuyeza kumeneku amati Schirmer.

Apa mvetserani bwino. Anti-Ro amapezekanso kwa odwala lupus, matenda enanso a asilikali osokonekera, ngakhale kwa anthu ena osadwala konse. Komanso alipo odwala Sjögren enieni amene magazi awo saonetsa kanthu. Amenewa amawadula kanyama kakang'ono mkati mwa mlomo nkukaunika, ndipo kakaonetsa matendawa ndi mapointi 3. Choncho pepala la ku labotale lokha siliweruza mlandu. Chimene madokotala amaona nchakuti amene ali ndi anti-Ro kawirikawiri matenda amawayamba msanga kusiyana ndi odwala ena a Sjögren, ndipo amafika ndi kwina, monga timadontho tofiirira m'miyendo.

Amayi oyembekezera, iyi ndi yanu. Anti-Ro amatha kuwoloka kupita kwa mwana m'mimba, ndipo pa mimba 1 kapena 2 mwa 100 zotere mtima wa mwana umagunda pang'onopang'ono kwambiri. Ngati munapezeka naye, nenani kusikelo tsiku loyamba lomwe.

Kwathu kuno tisathamangire dzina lachilendoli. HIV imatupitsa masaya ndi kuumitsa mkamwa chimodzimodzi. Shuga nayenso amaumitsa, ngakhalenso mankhwala ngati amitriptyline ndi Piriton. Dokotala akayamba ndi kuyeza zimenezi musakwiye, akuyenda njira yake.

Mankhwala ochiziratu kulibe, koma madontho a m'maso olowa m'malo mwa misozi amathandiza, kumwa madzi pang'onopang'ono tsiku lonse, kupewa maswiti, ndi kuonetsa mano pafupipafupi. Tsaya likatupa mbali imodzi osaphwa, kapena mukatuluka mwanabere wosatha, musadikire, chifukwa odwala Sjögren ochepa amadzadwala khansa ya lymphoma. Kuuma kukapitirira miyezi 3, yambirani kuchipatala cha boma cha Kasungu, mutatenga buku lanu lachipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa.