Discrete ndi continuous random variable: tikuwerenga kapena tikuyeza?

Aphunzitsi anzanga a masamu, moni nonse. Lero ndabwera ndi dayisi ya ludo komanso tepi ya telala, chifukwa mutu uwu ana ambiri a ku sekondale amangoloweza tanthauzo ndiye funso likangobwera mwanjira ina basi asokonezeka, ine zimandipweteka chifukwa mutuwu ndi wosavuta akaugwira ndi manja.

[Aponya dayisi patebulo]

Ndisanaponye palibe amene amadziwa kuti ituluka nambala yanji. Nambala yodalira mwayi imeneyo ndi imene timati random variable, timailemba ndi X wamkulu. Apa X angakhale 1, 2, 3, 4, 5 kapena 6 basi, 2.7 sangatuluke olo muponye mpaka mawa. Iyi ndiye discrete, manambala ake amachita kudumpha, pakati pa 2 ndi 3 palibe kanthu. Nambala iliyonse mwayi wake ndi 1/6 ndipo mukaphatikiza mwayi wa manambala onse ukwane 1, ana azolowere kucheka zimenezi pa tebulo lililonse lomwe ajambula.

Mkalasi ndimapatsa gulu lililonse madayisi awiri aponye ka 50 nkumalemba total. Tikaphatikiza za magulu onse pa bolodi amaona okha kuti manambala apakati ndi amene akuchuluka, ndiye mpomwe ndimawaonetsa kuti 7 ali ndi njira 6 mwa 36 pomwe 2 ndi 12 ali ndi njira imodzi imodzi. Ndipo muwauzenso kuti mean (avereji) ya dayisi imodzi ndi 3.5, nambala yoti pa dayisipo palibe, amadabwa kwambiri ndipo kudabwa kumeneko ndi kwabwino.

[Atenga tepi]

Tsopano tiyeze msinkhu wa mwana mmodzi. Tepi yati 162 cm. Tikayang'anitsitsa ndi 162.3, ndi chipangizo chabwino kuposa ichi mwina 162.34, ndipo mutha kumangopitirira chifukwa pakati pa manambala awiri alionse pali ina. Iyi ndiye continuous. Chimodzimodzi thumba la chimanga lomwe timangoti 50 kg, pa sikelo silikhala 50 ndendende.

Apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo. Mwayi woti mwana wosankhidwa mwachisawawa akhale 162 ndendende, 162.000 mpaka kalekale, ndi 0. Ana amakana, amati sala koma Chisomo uyu ndi 162, ndiye muwayankhe modekha kuti tepi yachita kufupikitsa, zomwe ikunena ndi zoti ali pakati pa 161.5 ndi 162.5. Nchifukwa chake ku continuous sitifunsa za nambala imodzi, timafunsa kuti kuyambira apa kufika apa, mwachitsanzo 160 mpaka 165, ndipo yankho ndi area yomwe ili pansi pa curve ya graph yoonetsa mmene misinkhu yagawikira, area yonse ikakhala 1.

Onani kusiyana kwake, apa P akuimira mwayi. Pa dayisi P(X < 3) ndi 2/6 koma P(X ≤ 3) ndi 3/6, kamzere kakang'onoko kasintha yankho. Pa msinkhu P(X < 165) ndi P(X ≤ 165) ndi chinthu chimodzi, chifukwa 165 payekha alibe area.

Chonde musawaphunzitse kuti discrete ndi manambala athunthu pomwe continuous ndi a decimal, njira yachidule imeneyi ndi imene imawagwetsa. Saizi ya nsapato ilipo 7 ndi theka koma ndi discrete ndithu, kuchoka pa 7.5 mukufika pa 8, shopu singakugulitseni 7.63. Phazi lenilenilo mukaliyeza ndi tepi ndiye continuous.

Homuweki ndimawapatsa iyi: mawa pobwera kusukulu aime pa steji, alembe anthu omwe ali mu minibasi yoyamba kufika komanso nthawi yomwe adikira, ndiye abwere adzandiuze kuti X uti wawerengedwa ndipo uti wayezedwa.