Makalata a Omvera: Mfumu Ikavala Malaya a Bungwe

Moni nonse omvera, kaya mwatsegula wailesi pakhonde, kaya mukutimvera pa foni muli mu minibasi. Yakwana nthawi ya makalata anu. Sabata yatha tinakamba za mafumu, abusa, mashehe ndi akuluakulu ena amene mabungwe othandiza achinyamata amawasankha kuti akhale akazembe awo m'madera, ndipo mwalemba ambiri, ena pa pepala, ena pa WhatsApp. Monga mwa nthawi zonse, mayina sinditchula.

Kalata yoyamba yachokera ku Kasungu, ndipo ikuti:

"Zikomo a wailesi. Ine ndine nyakwawa kuno ku Kasungu. Mwezi wathawu kunabwera achinyamata pa galimoto, akuti ndi a bungwe. Akufuna ndikhale kazembe wawo pa nkhani yoti ana asamasiye sukulu n'kukalowa m'banja kapena kukagwira ntchito m'minda ya fodya. Ndawauza kuti ndiyambe ndaganiza. Kodi ukazembewu ntchito yake n'chiyani kwenikweni? Kodi pali malipiro? Komanso anthu amene ndizikawadzudzulawo ndi abale anga, ena ndi omwe anandiika pa mpandowu. Kodi sindidana nawo?"

Wawa a Mfumu, mwachita bwino kulemba musanavomere. Ndiyambire ku funso lomalizalo chifukwa ndi limene lili ndi mano. Ee, ena mudana nawo. Amene angakuuzeni kuti ayi akukunamizani.

Ndikukumbutseni za malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza, amene anatisiya mu Ogasiti 2025. Mayi ameneyu anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ya zaubusa ku Zomba kwa zaka 27, mpaka pamene a kwawo anamuitana mu 2003 kuti adzakhale mfumu. Atafika ku Mtakataka anapeza tiatsikana ta zaka 12, 13, tili ndi makanda kumsana komanso amuna m'nyumba. Sanadikire kuti bungwe libwere kudzamuveka malaya. Anaitanitsa mafumu ake aang'ono pafupifupi 50 n'kuwasainitsa pangano loti m'midzi mwawo musamachitike maukwati a ana. Ena atapitiriza kuvomereza maukwatiwo mobisa, anawaimitsa pa ufumu, ndipo anawabwezera pokhapokha ataona kuti ukwati uja watha ndipo mwana wabwerera ku sukulu. Pofika 2016 kunkamveka kuti wathetsa maukwati oposa 850, ndipo chiwerengerocho chinapitirira kukwera. Analinso ndi amayi ndi abambo m'midzi amene ankamutsina khutu mwakachetechete mwana akasowa m'kalasi. Makolo ena anamutukwana, ena anafika pomuopseza kuti amupha. Mabungwe akuluakulu anadzabwera pambuyo, kudzagwira naye ntchito atamupeza ali kale m'munda.

N'chifukwa chake ndikuti, a Mfumu, ntchito ya kazembe si yachilendo kwa inu. Bungwe lilibe bwalo la milandu. Lilibe mawu pa maliro, sililowa kutsimba, anankungwi salimvera. Inu zonsezo muli nazo. Chimene akupempha n'choti mphamvu zanuzo muzigwiritse ntchito pa ana: ankhoswe akabwera kudzakuuzani za ukwati, mufunse zaka za mkwatibwi, mwini munda akamalemba ana ganyu yosoka fodya nthawi ya sukulu, mumuitanitse, chinamwali chikamakonzedwa, muonetsetse kuti chachitika patchuthi ndipo zikukambidwa kumeneko ndi zoyenera msinkhu wa anawo. Zolankhula pa maikolofoni tsiku la chikondwerero, zimenezo ndi zochepa chabe.

Za malipiro, musayembekezere kanthu pakutha pa mwezi. Mswahara wanu uzichokerabe ku boma. Nthawi zambiri chimene bungwe limapereka ndi ya thiransipoti ndi ya nkhomaliro mukaitanidwa ku msonkhano, mwina ndi malaya olembedwa dzina lawo. Ngati mukuvomera chifukwa cha zimenezo, bola mukane lero lomwe.

Koma nanunso muwafunse achinyamata a pa galimotowo. Kodi bungwe lawo linalembetsedwa ku NGORA, ofesi imene imayang'anira mabungwe omwe si aboma? Kodi anadzera ku khonsolo, kwa a T/A ndi ku ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera, kapena angotulukira pakhomo panu? Pulojekiti yawo ndi ya zaka zingati? Ndipo funso lalikulu: inu mukamuchotsa mwana m'banja, yunifolomu, makope ndi sopo agula ndani? Akamazemba funso limeneli, dziwani kuti tsiku lovuta mudzatsala nokha ndi makolo okwiya, galimoto ija ili ku Lilongwe.

Tipite ku Machinga. Walemba ndi mtsikana, akuti ndi mlembi wa kalabu ya achinyamata m'dera lakwawo.

"Amalume a pa wailesi, ife tili ndi kazembe, ndi a gulupu a kwathu kuno. Pakakhala msonkhano wa alawansi amafika oyamba, atavala malaya a bungwe, ndipo amalankhula bwino zedi mpaka alendo kuomba m'manja. Koma mdzukulu wawo weniweni, wa zaka 16, anamukwatitsa kwa bambo wina wobwera kuchokera ku Joni, ndipo iwo anadya nawo mpunga. Tikafuna kuyankhula amati ndife ana opanda mwambo. A bungwe akabwera amafikira kwa iwo omwewo, ndiye tilibe pokambira. Titani?"

Mwana wanga, kalata yakoyi yandiwawa. Choyamba tisiye kaye za malaya, tione za mwana wa zaka 16 uja, chifukwa pamene tikukambirana pano iye ali m'nyumba ya bambo ameneyo. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Panatsala kampata m'malamulo aakulu a dziko, kololeza mwana wa zaka 15 mpaka 18 kukwatiwa makolo akavomera, koma aphungu a Nyumba ya Malamulo anakatseka mu Febuluwale 2017. Choncho palibe kholo, palibe nkhoswe, palibe gulupu amene angavomereze ukwati umenewo. Si nkhani yothera pa bwalo ndi chindapusa cha mbuzi ayi. Ndi ya a zachisamaliro cha anthu ku boma komanso apolisi, ku nthambi ya Victim Support Unit. Ngati ukuopa kuonekera, imba 116. Ndi nambala yaulere yothandiza ana, imene a YONECO a ku Zomba amayendetsa mogwirizana ndi boma. Uwauze zimene wandiuzazi, ndipo uwapemphe kuti dzina lako lisatuluke.

Tsopano za a gulupuwo. Usalimbane nawo pagulu, ungapse nazo iwe ndi makolo ako, paja munda umene mumalima uli m'dera lawo lomwelo. Pamwamba pawo pali a T/A. Ku khonsolo kuli mkulu woona za achinyamata m'boma lanu, ndipo makalabu ngati yanuyo ndiwo ntchito yake. Lembani kalata ngati kalabu, osati ngati munthu mmodzi, ndipo mupite ndi amayi awiri atatu a gulu la amayi la pa sukulu yanu. Mawu a amayi aja ndi ovuta kuwakankhira kumbali ndi kuti "ana opanda mwambo."

Ndipo inu a mabungwe amene mukumvera, apa ndiye ndili nanu mawu. Mumasankha kazembe poona kukula kwa mpando wake, kenako mukabwera mumafikira kwa iye, kumva kwa iye, kujambula naye zithunzi, n'kubwerera. Achinyamata amene mumati mukuwathandizawo mumangowaona akuvina pokulandirani. Bwanji osawafunsa iwowo musanasankhe? Bwanji osakhala nawo paokha ngakhale kwa ola limodzi, kazembe atapita kokadya? Ndipo bwanji ukazembewo sukhala ndi malire, kuti pakatha chaka muunike, amene walephera avule malayawo? Kachindamoto ankaimitsa mafumu enieni, ovekedwa mwa mwambo. Inu mukulephera kulanda malaya?

Pepani omvera, ndatenthedwa pang'ono. Timwe madzi.

Iyi ndi yaifupi, yachokera kwa mphunzitsi wa ku Rumphi. Akuti: "Bwanji mabungwe amakonda nkhalamba? Ana anga m'kalasi ukawatchulira Temwa kapena Tabitha Chawinga maso amawala, koma ukawatchulira mfumu amayasamula. Akazembe a achinyamata azikhala achinyamata."

Aphunzitsi, theka ndikuvomerezani. Mtsikana akamva kuti Temwa Chawinga, mwana wa kwanu komweko, anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu ligi ya mpira wamiyendo ya amayi ya ku America mu 2024, amaona kuti dziko ndi lalikulu kuposa mudzi wake. Ndiponso amene anakankha kwambiri nkhondo yothetsa maukwati a ana anali atsikana eniake, monga Memory Banda ndi anzake a bungwe la GENET, amene anavutitsa mafumu ndi aphungu mpaka zinthu zinasintha. Koma taganizani, amene amakonza ukwati wa mwana si mwanayo. Ndi amalume ake, ndi agogo ake. Amenewo Temwa sangawaitanitse pansi pa mtengo. Ana apatseni Temwa, amalume awo muwasiyire mfumu.

Yomaliza lero yachokera kutali, ku Johannesburg, kwa bambo wa kwathu ku Mangochi.

"Achimwene, ine ndimakumverani pa intaneti. Zonsezi n'zabwino, koma mukuiwala umphawi. Mchemwali wanga anamuchotsa m'banja, mafumu anasangalala, a bungwe analemba m'buku mwawo. Patatha miyezi ingapo kunyumba kunalibe chakudya, mwana wake akudwaladwala, iye anabwerera yekha kwa mwamuna uja. Palibe anabwera kudzafunsa. Komanso akazembe anuwo amangokamba za atsikana. Ine ndinasiya sukulu Sitandade 7 n'kubwera kuno, palibe mfumu inandiletsa, ena anachita kundipempha kuti ndidzawagulire foni."

Achimwene, palibe chimene ndingatsutse pamenepa. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Chiwerengero chotere sichibwera chifukwa cha mwambo wokha. Muli njala m'menemo, muli mtunda wautali wopita ku sekondale, muli kusowa kwa malo ogona atsikana. Kuthetsa ukwati kumatenga tsiku limodzi. Kumusunga mtsikana pa sukulu mpaka Folomu 4 kumatenga zaka, ndipo mbali imeneyi ndi imene ilibe zithunzi zokongola zoika mu lipoti. Kachindamoto yemwe uja ankazidziwa, n'chifukwa chake ena ankawalipirira fizi ndi ndalama za m'thumba mwake, ena n'kuwafunira owathandiza.

Njira zilipo ngakhale sizikwanira. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene anabereka kubwerera ku sukulu, ndipo mphunzitsi wamkulu sayenera kumubweza. Kuli mabasale a ku khonsolo, kuli mabungwe ngati CAMFED amene amalipirira atsikana a ku sekondale m'maboma ena. Koma mayi wa kumudzi sadziwa khomo logogoda. Kazembe wodziwa ntchito yake ndi amene amatenga dzina la mwanayo n'kupita nalo yekha ku ofesi, kenako pakatha mwezi n'kudutsa pakhomopo kuona ngati akupitadi ku sukulu komanso ngati khandalo lili ndi woliyang'anira.

Za anyamata mwalasa. Ku Mangochi ndi ku Mzimba mnyamata wa zaka 15 amaona mnzake wabwera ku Joni ndi njinga yamoto, ndiye sukulu imasanduka yotaya nthawi. Kunyanja ena amathera ku usodzi, ku Kasungu ku fodya. Ndipo anyamata omwewo ndi amene amabwerera patapita zaka n'kudzafunsira mwana wa Sitandade 8, ngati zimene tamva ku Machinga zija. Ndiye ndikupempheni kanthu, achimwene. Kumeneko muli ndi magulu a anthu a kumudzi kumodzi, mumasonkha ndalama wina akamwalira kuti thupi libwere kumudzi. Pa msonkhano wanu wotsatira, kambiraniponso za mchemwali wanuyo ndi anzake awiri atatu, muone ngati simungathe kuwagulira zofunika ku sukulu, ndalamazo zizidzera kwa amayi a pa sukulu osati m'thumba la munthu mmodzi. Mukagwirizana mutilembere, tidzawerenga pano.

Nthawi yatithera. Makalata a ku Nsanje ndi ku Mchinji ndawaona, tiyamba ndi amenewo sabata ya mawa, ndipo tidzakhala ndi mlendo wochokera ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kuti ayankhe yekha za mabasale. Tsalani bwino.