Mwakula koma mukuonerabe makatuni? Tiyeni tikambe za Avatar: The Last Airbender

Takulandirani nonse. Lero tikukamba za katuni, ndipo inu amene mwayamba kale kunena kuti "zimenezo n'za ana", khalani kaye pansi. Ndikuchenjezeretuni kuti ndiulula zambiri za m'katimu. Ngati simunaionere, imitsani vidiyoyi mubwerenso.

Avatar: The Last Airbender inaulutsidwa pa Nickelodeon ku America kuyambira 2005 mpaka 2008. Anaipanga ndi Michael Dante DiMartino ndi Bryan Konietzko, ndipo ili ndi zigawo 61. M'dziko la m'nkhaniyi muli mitundu inayi ya anthu, ndipo mumtundu uliwonse muli ena otha kulamula chinthu chimodzi: madzi, nthaka, moto kapena mphepo. A mtundu wa Moto akhala akuthira nkhondo anzawo kwa zaka 100. Aang, mnyamata wa zaka 12 amene ndiye Avatar, kutanthauza yekhayo amene angaphunzire kulamula zonse zinayi, akudzuka m'chimwala cha madzi oundana n'kupeza kuti anthu a mtundu wake anaphedwa onse. M'chigawo chachitatu chomwe, akupeza mafupa a mphunzitsi wake, Gyatso. Imeneyo ndiye katuni ya ana tikunenayi.

Mwana akamaonera, maso ake amakhala pa njati youluka, nthabwala za Sokka, mnzake wa Aang, ndi ndewu. Ndewuzo sanangozijambula mwachisawawa ayi. Katswiri wa masewera omenyana a ku China, Sifu Kisu, ndiye ankatsogolera ojambulawo: amadzi amayenda mwa tai chi, anthaka mwa hung gar, amphepo mozungulirazungulira mwa baguazhang.

Munthu wamkulu amakakodwa kwina. Amakodwa pa Zuko.

[Pa sikirini: Zuko, chipsera chili kumaso]

Chipsera ichi anamupatsa ndi bambo ake omubereka, Ozai, mfumu ya mtundu wa Moto. Ali ndi zaka 13, Zuko anatsutsa mkulu wa asilikali amene ankafuna kutumiza anyamata ongolowa kumene usilikali kuti akakhale nyambo kunkhondo. Mwanayo ananena zoona, koma anazinena pamaso pa akuluakulu. Bambo ake anamutentha pagulu, n'kumupirikitsa kuti asadzapondenso pakhomo mpaka atagwira Avatar. Ndiye munthu amene poyamba mumamuona ngati mdani uja, kwenikweni ndi mwana woyendayenda panyanja pofuna kuti bambo ake adzanene kamodzi kokha kuti "wachita bwino mwana wanga". Chimene chimandigwira mtima n'chakuti olembawo sanamusinthe msanga. Kumapeto kwa gawo (season) lachiwiri, mukuganiza kuti wawongoka, iye akutembenukira bambo ake aakulu, Iroh, amene anamusunga nthawi yonseyi. Akubwerera kwawo, akulandiridwa mwaulemu, koma tulo osabwera. Amene munalimbanapo ndi m'bale wosamva mukudziwa kuti munthu sasintha chifukwa mwamulangiza kamodzi.

Iroh uja, mwana amamuona ngati mdala wonenepa wokonda tiyi basi. Dikirani chigawo cha "The Tales of Ba Sing Se". Iroh akuyenda mumsika wa mumzinda wa Ba Sing Se, akutonthoza mwana wolira pomuimbira nyimbo, akukumana ndi wachifwamba n'kumuuza kuti kaimidwe kakeko ngakhale kamwana kangamugwetse. Mukuseka. Kenako dzuwa likulowa, akukwera kaphiri, akuika chithunzi pansi pa mtengo n'kuyatsa zofukiza. Ndi tsiku lobadwa la mwana wake, Lu Ten, amene anafera kunkhondo pamene Iroh mwiniyo ankatsogolera asilikali ozinga mzinda womwewo kwa masiku 600. Akuimbanso nyimbo ija, mawu akunjenjemera. Mako, amene ankalankhula mawu a Iroh, anamwalira mu July 2006, ndipo kachigawoka kanaperekedwa pomukumbukira. Mwana amangoona kuti agogo akulira. Amene anaikapo mwana m'manda, kapena kholo, sapenyetsetsa pamenepa.

Mzinda wa Ba Sing Se nawonso ndi nkhani ya akuluakulu. Othawa nkhondo adzaza m'makwalala, koma kutchula nkhondo n'koletsedwa. Apolisi achinsinsi, a Dai Li, amatengera wolankhula pansi pa nyanja ya Laogai kukamusokoneza mutu, ndipo mfumu yeniyeniyo siikudziwa n'komwe kuti kunja kukumenyedwa nkhondo, chifukwa nduna yake Long Feng imasefa zonse zofika kwa iyo.

Sikuti zonse n'zokoma. Zigawo zina zoyambirira n'zachibwanadi, ndipo "The Great Divide" mungaidumphe osataya kanthu. Ngakhale olembawo anadzaiseka okha m'chigawo china chakumapeto. Mathero ake nawo, kwa ine, anapeputsa zinthu. Aang akuvutika mumtima kuti aphe Ozai kapena ayi, kenako kamba wamkulu wodabwitsa akungomupatsa njira yachitatu, yomulanda Ozaiyo mphamvu. Funso lolemera chotero linkafunika yankho lovutikira.

Komabe katuniyi inalandira mphoto ya Peabody, ndipo itaikidwa pa Netflix ku America mu May 2020, anthu anaikhamukiranso, ambiri mwa iwo ali aja anaionera ali ana. Mukafuna kuyamba, yambani ndi katuni yeniyeniyi, filimu yake ya 2010 isiyeni. Pirirani mpaka Toph, mtsikana wolamula nthaka, atalowa m'gawo lachiwiri. M'vidiyo yotsatira tikamba za The Legend of Korra, imene nkhani yake ikuchitika patapita zaka 70.