Alamu, pa ploti ija dzalanipo nkhadze

Alamu mwaswera bwanji kumeneko ku Lilongwe? Zithunzi za ploti yanu ya ku Senga Bay ndaziona, eee mchenga wokhawokha, ndiye mukuti mukufuna mpanda wa maluwa othirira m'mawa ndi madzulo? Ayi alamu, kuno ku Salima dzuwa la Okutobala silisewera, ndipo inuyo mumabwera mwa apo ndi apo, azithirira ndani? Ine ndikuti dzalani nkhadze. Voisiyi italikako koma mumve yonse, makamaka za utomoni.

Anthu amainyoza nkhadze chifukwa ili paliponse, m'malire a minda, kumanda, kuzungulira khola, koma ku America madera ouma ngati Arizona anthu amachita kugula m'mapoto kuti akongoletse panyumba, palinso mtundu wina umene nsonga zake zimafiira. Mukaiyang'ana bwino muona kuti masamba ake ndi ting'onoting'ono ndipo sachedwa kuyoyoka, ndiye timitengo tobiriwira tija tooneka ngati mapensulo nditimene timasunga madzi ndi kupanga chakudya, nchifukwa chake chilimwe chonse imangokhala biriwiri pamene udzu wonse wapsa.

Mbewu musagule, pemphani kwa aneba amene ali nayo, ambiri amachita kusangalala wina akawasadzira. Sankhani nthambi zokhwima, zonenepa kuposa chala chachikulu, zotalika theka la mita kapena mita imodzi, osati tinsonga tanthete tija ayi timafota. Dulani ndi chikwanje chakuthwa kamodzi n'kamodzi, osachita kuthyola ndi manja.

Tsono apa ndipomwe ambiri amalakwitsa, amadula lero kudzala lero lomwe n'kuthira madzi ndowa yathunthu, pakatha masabata angapo kunsi kwabvunda kwada bii. Nthambi zija mukadula kaziyalikeni pamthunzi, pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde pomwe ana safika, zikhale pafupifupi sabata imodzi mpaka chilonda chija chiume chichite kakhungu koyera, mukachigwira ndi kamtengo chisatulutsenso mkaka. Zisakudetseni nkhawa kuti zifa, sizifa, madzi zili nawo m'kati. Nthawi yabwino ndi ino ya Okutobala ndi Novembala mvula isanayambe, kuti ikamagwa mu Disembala ipeze zakhazikika kale.

Kumbani kangalande kakuya masentimita 20, muziimika nthambizo motalikirana masentimita 30 mpaka 50, ndipo ngati mukufuna mpanda wothithikana woti nkhuku ivutike kudutsa dzalani mizere iwiri mosemphanitsa, ya mzere wachiwiri izikhala pakati pa ziwiri za mzere woyamba. Kwirirani n'kupondaponda zolimba chifukwa mchenga sugwira. Feteleza ayi, manyowa ngati alipo pang'ono chabe. Mchenga wanu uja nkhadze imaukonda zedi poti madzi samadikha, chimene imadana nacho ndi dothi la makande lakudambo lomwe limasunga madzi, ndiye ngati pali mbali ina ya ploti yotsika pomwe madzi amaima nthawi ya dzinja, muundepo mzere wautali kaye ndiye mudzale pamwamba pake. Kuthirira, mvula ikachedwa muthireko pang'ono kamodzi pa sabata dothi likauma gwa, ikagwira basi muisiye. Mbuzi nthawi zambiri sizilimbana nayo koma zimagwetsa nthambi zisanamere mizu pozikhudza, ndiye miyezi yoyamba muikeko minga m'mbali.

Tsopano za utomoni, apa alamu mutchere khutu ndipo mnyamata amene adzakuthandizeni mumuuze mawu omwewa. Mkaka woyera uja ndi poizoni. Pakhungu umawotcha n'kutupitsa, koma ukalowa m'diso ululu wake munthu wamkulu amalira, diso limafiira n'kutupa ndipo atha kukhala masiku osaona, akachedwa nalo diso limaonongeka. Podula avale magalasi, malaya a manja aatali ndi magolovesi, ngakhale majumbo m'manja ndi bwino kusiyana n'kungogwira, ndipo asadule nthambi ili pamwamba pa mutu iye akuyang'ana kumwamba, komanso kukakhala mphepo adikire. Ambiri sikuti umawadonthera ayi, amangopukuta thukuta ndi dzanja lomwe lagwira utomoni, ndi kutentha kwa kunoku mukudziwa thukuta silitha. Akamaliza asambe m'manja ndi sopo asanagwire kumaso, chikwanjenso atsuke.

Zikachitika ndithu kuti walowa m'diso, osatikita, thirani madzi oyera ambirimbiri mosalekeza kwa mphindi 15 kapena 20 diso lili chotsegula, kenako thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, pa helefi senta yapafupi kapena chipatala chachikulu pa boma. Kumudzi ena amati muthire mkaka wa m'mawere, ine ndikukupemphani musataye nazo nthawi zimenezo, madzi kaye ndiye chipatala.

Chifukwa cha chimenechi ine sindingaidzale pakhomo penipeni pomwe ana amasewera, kapena pafupi ndi chitsime ndi kukhitchini. Iikeni m'malire kumbuyo ndi m'mbali, kutsogolo kuja dzalaniko alovera, nayenso safuna madzi ambiri. Zosadza musakataye kunyanja chifukwa utomoniwu umapha nsomba, musaphikire komanso musasongole timitengo take kuti muwotchere nyama kapena usipa, utsi wake womwe umalasa m'maso. Zikwirireni m'dzenje lakuya, mukangozitaya pamtunda zimamera pomwepo.

Ikakula musailekerere, imatha kupitirira mamita 5 n'kusanduka mtengo, kunsi kumayera mbee mbuzi n'kumadutsa, ndipo mwera wa Juni ndi Julaye ukaomba kuchokera kunyanja zolemera kumutu zimathyoka. Muzisadza kamodzi pachaka izilekezera mita imodzi ndi theka, ikatero imaphukira m'mbali n'kutseka bwinobwino.

Mundiuze msanga tsiku lomwe mukubwera, ndipemphe nthambi zidulidwiretu kuti mudzazipeze zitauma kale, komanso mugule magalasi aja konko ku tauni. Mupereke moni kwa achimwene ndi ana.