Condicional ya Chisipanishi: musamudule mneni, ingomuwonjezerani

Moni nonse. Lero tili pa nthawi ya aneni imene Asipanishi amaitcha condicional simple. Ndiyo amanenera zinthu monga "ndingagule, nditakhala ndi ndalama", ndiponso amapemphera nayo mwaulemu.

Pa nthawi zina zambiri mumayamba mwadula -ar, -er kapena -ir. Pano ayi. Mneni mumamutenga wathunthu, monga alili m'dikishonale, n'kuphatikiza mathero awa kumapeto kwake.

[Pa sikirini: -ía, -ías, -ía, -íamos, -íais, -ían]

Titenge hablar, kulankhula. Nenani nane: yo hablaría, tú hablarías, él hablaría, nosotros hablaríamos, vosotros hablaríais, ellos hablarían. Comer, kudya, akhala comería. Vivir, kukhala, akhala viviría. Magulu onse atatu mathero ndi omwewa. Ngakhale ser (kukhala) ndi ir (kupita), amene amavuta kwina konse, pano ndi omvera: sería, iría.

Kachizindikiro kali pa í musakaiwale, pa mathero onse asanu ndi limodzi. Ndi pamene mawu amatsindika: ha-bla-RÍ-a. Onaninso kuti yo ndi él akufanana, choncho pamene womvera angasokonezeke, tchulani mlowam'malo. Vosotros, "inu" wa anthu ambiri, ndi wa ku Spain. Ku Mexico kapena ku Colombia mudzamva ustedes hablarían.

Ambiri amagwa pa kudula mneni mwachizolowezi. Mukachotsa -er pa comer n'kuika -ía, mwapeza comía, ndiye kuti "ndinkadya". Mwalowa nthawi ina osadziwa. Mvetserani r uja: comía, comería. Akasowa, tanthauzo lapita.

Tsopano ntchito yake. Ulemu choyamba. M'lesitilanti ku Madrid, kunena kuti quiero un café n'kolondola, koma me gustaría un café n'kofewa. ¿Me ayudaría usted? ndiko kuti "mungandithandizeko?" Polangiza mnzanu: deberías descansar, "ukanapumulako".

Apa ndi pofunika kudekha kwambiri.

[Pa sikirini: Si tuviera dinero, compraría una casa.]

M'Chichewa timati "ndikanakhala ndi ndalama, ndikanagula nyumba". -kana- ali uku, -kana- ali uko. Mutu ukazolowera zimenezo, lilime limafuna kunena si tendría dinero, compraría. Chisipanishi cholembedwa sichilola. Mbali ya si ("ngati") imatenga imperfecto de subjuntivo, mtundu wa mneni wonenera zongoganizira: apa ndi tuviera, wochokera kwa tener, kukhala ndi. Condicional imakhala mbali ya zotsatira yokha. Mudzawamva ena kumpoto kwa Spain ndi ku Argentina akunena si tendría pocheza, koma pamayeso adzakuchongerani cholakwa. Ngati subjuntivo simunaiphunzire, lowezani awiri okha poyamba, si tuviera ("ndikanakhala ndi") ndi si fuera ("ndikanakhala"), ndipo mupanga nawo ziganizo zambiri. Dziwaninso kuti compraría akunena za lero kapena m'tsogolo, mwayi ukadalipo. Ngati zinadutsa kale, ndi habría comprado m'malo mwa compraría.

Pofotokoza zimene munthu analonjeza kale: Ana dice que llamará, "akuti adzaimba foni". Mukabweza dice kukhala dijo, "anati", llamará nayenso asanduka: dijo que llamaría.

Ntchito ina imadabwitsa ophunzira, ndipo ine ndimaikonda: kuyerekeza za kale. Serían las ocho cuando llegó. Palibe "zikanakhala" apa. Akunena kuti "mwina inali 8 koloko pamene anafika".

Aneni osamvera lamulo alipo 12, pamodzi ndi ochokera kwa iwo. Amasintha tsinde lokha, mathero ndi omwewa: tener akhala tendría, hacer haría, decir diría, poder podría. Amenewo tiwaona pa vidiyo yotsatira.

Imitsani vidiyoyi tsopano. Tengani trabajar, aprender ndi escribir, muwalembe pa anthu onse asanu ndi mmodzi, muwerenge mokweza mukutsindika pa í. Kenako malizitsani chiganizo ichi katatu, ndi aneni osiyana: Si tuviera tiempo...