Filimu imene inatiseketsa n'kutisiya tili zii

Moni nonse amene mwatsegula gawo lino, kaya muli ku Joni, ku Cape Town, ku Dublin, kaya muli konkuno kumudzi. Lero sindikulankhula ndili m'kachipinda kanga ka ku Johannesburg kaja, komwe mumamva mahutala a ma taxi kumbuyo kwa mawu anga. Ndili kwathu ku Mulanje, pakhonde pa mayi, cha ku Chitakale kuno. Mukamva tambala kapena mvula pamalata, dziwani kuti ndi zakwathu zimenezo. Phiri lafunda mtambo chiyambire m'mawa, tiyi wabiriwira mpaka kumene maso athera, ndipo mango ndadya okwanira chaka chonse.

Nkhani ya lero inayamba ndi mkangano, ndipo mkanganowo ndabwera nawo pa basi mpaka kuno.

Ku Joni timagona atatu m'chipinda chimodzi, kuseri kwa nyumba ya eni ake. Mmodzi mwa anzangawo ndi mnyamata wa ku Luchenza, wokonda mafilimu kwambiri. Lamlungu lina mu Julayi, kuzizira kwa kumeneko kumene kumalowa mpaka m'mafupa, magetsi atazima, anatulutsa laputopu yake ili ndi moto pang'ono n'kunena kuti, "Achimwene, bwerani tionere iyi." Inali filimu ya ku Italy ya 1997, Life Is Beautiful, imene anaitsogolera Roberto Benigni, iye yemwenso n'kusewera ngati bambo wa m'nkhaniyo.

Ndikufotokozereni pang'ono, poti ambiri simunaione. Theka loyamba ndi phwete lokhalokha. Mwamuna wina Myuda, wosauka koma wapakamwa, akufunsira mphunzitsi wamkazi mwa njira zoseketsa mpaka anamukwatira, n'kubereka mwana wamwamuna. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Kenako nkhondo yachiwiri ya dziko lonse yafika pakhomo pawo. Bambo ndi mwana atengedwa pa sitima kupita ku ndende za chipani cha Nazi, ndende zija zimene zinali mbali ya chiwembu chomwe chinapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Mkaziyo sanali Myuda, koma anakwera yekha sitimayo kutsatira banja lake. Atafika m'ndendemo, bamboyo akuuza mwana kuti zonsezi ndi masewera. Ukabisala bwino, ukapanda kulira, ukapanda kudandaula njala, umapeza mapointi, ndipo woyamba kufika 1,000 apatsidwa kasinja weniweni wankhondo. Mwana anakhulupirira. Kumapeto bamboyo akuwomberedwa ndi msilikali, koma ngakhale popita kokaphedwako, atadziwa kuti mwana akumuonera pa kabowo ka pamene wabisala, akuyenda moseketsa kuti mwanayo asachite mantha. Kutacha, kasinja wa asilikali a ku America akulowa, mwana n'kumaganiza kuti wapambana.

Laputopu inazima filimu itangotha. Tinakhala mumdima tili zii. Wachitatu uja, bambo wachikulire wa ku Mangochi, anangodzuka n'kutuluka panja kozizirako.

Mawa lake mnyamata wa ku Luchenza anati imeneyi ndi drama basi, filimu yachisoni, chifukwa munthu wafa ndipo tonse talira. Ine ndinati ayi, ndi comedy, filimu yoseketsa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. Anati, "Achimwene, inu mukuti kuphedwa kwa anthu ndi nthabwala?" Funso lakelo silopepuka, ndipo sindikufuna kulinyoza. Ngakhale kunjako filimuyi itatuluka, alipo anthu amene anakhumudwa nayo, ponena kuti malo amene anafera anthu ochuluka chotero si malo oseketserapo anthu. Komabe mu 1999 inalandira mphoto zitatu za Oscar, kuphatikizapo ya Benigni ngati mwamuna amene anasewera bwino koposa.

Mnzangayu ndiye anandiuza kuti ngakhale eni mafilimuwo amakanganira zomwezi. Ku mphoto za Golden Globes amagawa pawiri, drama kwake, comedy ndi mafilimu a nyimbo kwakenso. Ndiye mu 2016 filimu ya The Martian, ya munthu amene anzake anamusiya yekha pa pulaneti ya Mars akulima mbatatesi kuti asafe ndi njala, inapambana ngati comedy. Anthu anadabwa, ndipo chaka chomwecho okonza mphotozo anasintha malamulo, n'kunena kuti drama yongokhala ndi zoseketsa apa ndi apo izipikisana ngati drama. Kumeneko nkhani yake ndi ya mpikisano, aliyense amafuna kuika filimu yake kumene angapambane mosavuta. Ife m'kachipinda kathu kaja sitinkalimbirana chikho ayi. Tinkalimbirana tanthauzo la kuseka.

Maganizo anga ndi awa. Anthu amene amati filimu ikangokhala ndi imfa ndiye kuti yasiya kukhala nthabwala, amaiona nthabwala ngati kamwana kongotumidwa, kosayenera kukhala pabwalo akuluakulu akamakamba zolemera. Kwathu kuno nthabwala sinakhalepo kamwana. Ife tinakula ndi Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga amene anatisiya mu 2016 ndi malemu Eric Mabedi amene anatsatira mu 2021. Tinkaseka mpaka kugwa pampando, koma chimene tinkasekacho chinali umphawi wathu womwe. Nanga sewero lija la Tikuferanji? Dzina lokhalo ndi funso la pamanda. Nthawi imene Edzi inkatha anthu m'midzi muno, maliro sabata iliyonse, Michael Usi, mwana wa konkuno ku Mulanje, ankavala za Manganya n'kumaseketsa dziko lonse pa nkhani yomweyo imene m'nyumba zathu tinkaopa kuitchula dzina. Munthu unkayamba waseka, kenako uthenga n'kulowa pakamwa pali yasa. Palibe amene ankafunsa kuti kodi iyi ndi comedy kapena drama. Tinkangoti sewero.

Ndipo inu amene munakulira pa Limbuli, pa Nkando, pa Bvumbwe, mukukumbukira mavidiyo shoo aja, mabenchi a matabwa, chinsalu chakuda pakhomo, sipika panja. Filimu yachizungu kapena yachitchaina, koma mawu ndi a mnyamata womasulira m'Chichewa. Mzungu akulira maliro a mkazi wake, womasulira n'kuponyapo kamawu kamodzi, nyumba yonse phwete. Koma taonani, chisoni cha pa kanemapo sichinkachoka. Tinkatuluka tikuseka, usiku n'kumaganizabe za munthu uja.

Chimene chinandilimbitsa pa maganizo amenewa si filimu ayi, ndi ulendo wina. Zaka zingapo zapitazo mnzathu wa ku Thyolo anamwalira ku Joni atadwala masiku ochepa. Mukudziwa mmene timachitira, maliro n'kulirana. Uthenga unayenda pa magulu a WhatsApp, aliyense n'kuponya ma rand amene anali nawo, mpaka zinakwana zolipira mapepala, bokosi ndi galimoto. Ine ndinali mmodzi wa operekeza. Bokosi m'ngolo kumbuyo, ife kutsogolo, kudutsa Beitbridge, Zimbabwe yense, Nyamapanda, Tete ndi kutentha kwake, mpaka pa Mwanza. Tsiku loyamba munalibe wolankhula m'galimotomo. Titafika pakati pa ulendo, usiku, msuweni wa malemuyo anayamba kusimba mmene malemu anafikira ku Joni koyamba, mmene anaperekera moni kwa aliyense pa Park Station ngati ali pamsika wa kwawo, chipewa chili m'manja. Tinaseka, abale anga. Dalaivala anachita kuchepetsa liwiro. Msuweni yemwe ujanso ndi amene, titalowa m'mudzi n'kumva amayi ayamba kubuma, anagwa pansi osatha kuima. Kuseka kuja ndi kumene kunatinyamula makilomita onse aja kuti tikafike naye m'bale wathu kwawo. Ndipo kumanda, adzukulu akukumba, nawonso anali ndi nkhani zawo zoseketsa monga amachitira, dothi lofiira lili m'mapazi.

Pali chinanso chimene sindinamuuze mnzanga uja, chimene chinandipangitsa kuti ndisagone usiku wa filimuwo. Bambo wa mufilimu uja ndinamuzindikira. Sindikufanizira mavuto anga ndi ndende zija, kutero kungakhale kuchimwira akufa. Ine ndinapita ndekha, ndipo ndimabwera ndikafuna ngati ya basi ilipo. Koma masewera ajawo ndimawadziwa, ndimasewera Lamlungu lililonse. Ndili ndi mwana wamkazi, ali Sitandade 6. Ndikamamuimbira pa vidiyo, sindiimbira m'chipinda chathu. Ndimakaima pamene pali maluwa, kapena kutsogolo kwa sitolo zikuluzikulu. Mwezi wina bwana amene ndinkamugwirira ntchito ya m'dimba anandichotsa osandipatsa malipiro a masabata atatu. Ndinkadya kamodzi patsiku. Mwana atafunsa kuti ababa bwanji mwaonda, ndinamuuza kuti ndalowa mpikisano wothamanga, ndikufuna ndidzapose onse pa mpikisano wa ma porter okwera phiri la Mulanje. Anaseka, nati ababa simungathe. Ndinamuonetsa mmene ndidzathamangire, foni ili m'manja, anthu mumsewu akundiyang'ana. Foni itaduka ndinakhala pansi pamphepete pa msewu kwa nthawi yaitali.

Ndikudziwa kuti ambiri amene mukumvera mumachita zomwezo. Mayi amene akulera ana a eni ku Sandton ake ali ndi agogo ku Muloza. Mnyamata amene amathawa akaona galimoto ya apolisi chifukwa masiku a mu pasipoti anatha, koma pa foni amasimba nkhaniyo ngati ya Kalulu ndi Fisi. Benigni mwiniwake ananenapo kuti bambo ake anakhala zaka ziwiri m'ndende ya ntchito yakalavulagaga ku Germany, ndipo atabwerako ankasimbira ana awo zimene anaona moseketsa kuti asawaopseze. Ndiye mukandifunsa chifukwa chake ndikuti filimuyi ndi comedy, n'chifukwa chakuti mukachotsamo nthabwala, mwana uja sapulumuka. Nkhondo ndi imfa ndi malo amene nkhaniyo ikuchitikira, koma chimene chikugwira ntchito kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi kuseketsa kwa bambo uja. Ndiye khasu lake, ndiye chida chokha chimene asilikali analephera kumulanda pachipata.

Ndabwera nayo filimuyi pa memory card. Dzana usiku tinaionera pano, ine, mayi, malume, mayi a mwana ndi mwanayo, ine ndikumasulira pang'onopang'ono. Malume anagwira ntchito yothyola tiyi zaka zambiri, ndipo salankhula zambiri. Itatha ndinawafunsa funso lomwe lija, kuti malume, imeneyi tiziti yoseketsa kapena yachisoni? Anakhala kaye chete, kenako anati, "Mphwanga, bambo ujatu ndi mwamuna." Sanawonjezerepo kanthu. Mayi anati iwo sakufuna kudzaionanso, koma m'mawa ndinawamva akuwasimbira anzawo kumjigo, akuseka za mmene mwamuna uja anafunsirira mbeta.

Mwana sananene chilichonse usikuwo. Dzulo masana tikuchokera kogula chinanazi pamsewu, tikuyenda awiriwiri m'kanjira ka m'tiyi, anandigwira dzanja, zimene anasiya kalekale poti akuti wakula. Anati, "Ababa, mpikisano wothamanga uja munalowadi?"

Ndinaima. Nthabwala inali itafika kale pakamwa, yokonzeka, monga imachitira Lamlungu lililonse. Ndinaimeza. Ndinamuuza kuti ayi mwanangu, nthawi imene ija ntchito inali itatha, ndalama ndinalibe, koma pano ndinapeza ina ndipo ndikudya bwino. Anagwedeza mutu ngati munthu amene ankadziwa kale. Tinayenda pang'ono, kenako anati, "Komabe mudzandionetsenso mmene munkathamangira muja." Ndinamupatsa chinanazi kuti anyamule, ndinathamanga m'kanjiramo mawondo m'mwamba, amayi othyola tiyi ataima ndi madengu kumsana akundiyang'ana, iye akuseka kumbuyo kwanga mpaka kukhala pansi.

Basi yanga inyamuka ku Blantyre sabata yoyamba ya Januwale. Mnyamata wa ku Luchenza uja wanditumizira kale uthenga kuti wapeza filimu ina yoti tikakangane. Mvula ija yayamba tsopano, mwina mukuimva, ndipo mayi akuitana kuti nsima yapsa.